Thirakitala yakale ikakana kukweza pulawo

Mwezi wa Okutobala ukafika, mwini thirakitala m'madera a Angónia, Tsangano ndi Macanga sagona tulo. Alimi amafika pakhomo pake mbandakucha kudzalembetsa minda yawo, ena atapereka kale ndalama, ena atalonjeza matumba a chimanga kapena a mbatatesi pa nthawi yokolola. Aliyense amafuna kuti munda wake utipulidwe mvula ya mu Novembala isanayambe, pakuti wobzala mochedwa amakolola zochepa.

Tsono nthawi yomweyi, dothi litauma gwa ndipo thirakitala ikugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi pamene vuto lodziwika bwino limabuka. Injini ikulira bwinobwino, matayala akuyenda, koma pulawo yakana kukwera. Mwina imakwera monjenjemera, mwina imakwera nkuyambanso kutsika yokha. Zikatero anthu amathamangira kunena kuti pampu ya hayidiroliki, imene m'masitolo amaitchula kuti bomba hidráulica, yafa. Mwini wake amakongola ndalama nkuyamba ulendo wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè kupita ku Tete, kapena kudutsa malire pa Calómuè kukafuna ina. Masiku amapita, mvula imagwa, minda ya anthu ili chikhalire. Chomvetsa chisoni nchakuti ena amati akamangirira pampu yatsopanoyo, vuto lija limakhalapobe.

Pampu imafadi, koma kawirikawiri imasenza mlandu wa zinthu zina zotsika mtengo: oyilo woipa, sefa yotsekeka, kapena mphete ya mphira yong'ambika. Wodziwa m'mene makinawa amagwirira ntchito angathe kupeza pamene pavuta asanataye ndalama.

Kumene makinawa anachokera

Mathirakitala ofiira a Massey Ferguson 35 ndi 135, pamodzi ndi mkulu wawo wotuwa wotchedwa TE20, onse amakweza pulawo potsata nzeru za munthu mmodzi, Harry Ferguson, mwana wa mlimi amene anabadwa mu 1884 kumpoto kwa dziko la Ireland. M'masiku ake pulawo inkangokokedwa kumbuyo ngati ngolo. Ikakodwa pa mwala kapena pachitsa, thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo nkugwa chagada, ndipo oyendetsa ambiri anafa motero. Ferguson anaganiza zomangirira pulawo ku thirakitala pa malo atatu, mikono iwiri pansi ndi umodzi pamwamba, ndi kuikweza pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo.

Mathirakitala oyamba otere anayamba kugulitsidwa mu 1936. Mu 1938 Ferguson anagwirizana ndi Henry Ford wa ku America, ndipo chaka chotsatira panatuluka thirakitala ya Ford 9N. Mu 1946 fakitale ya mu mzinda wa Coventry ku England inayamba kupanga TE20, ndipo pofika mu 1956 inali itapanga oposa 500,000. Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi ya Massey-Harris ya ku Canada mu 1953. Thirakitala ya 35 inatuluka mu 1956, ya 135 mu 1964.

Fakitale ya ku Coventry inasiya kupanga mathirakitala mu 2002, koma izi sizikutanthauza kuti zipangizo zinatha. Makampani a ku India ndi ku Pakistan akhala akupanga mathirakitala a mtundu womwewu kwa zaka zambiri, ndipo zitsulo za m'kati mwa pampu zimapezekabe zatsopano. Nchifukwa chake thirakitala ya zaka 50 ndi yoyenera kuikonza, si yotaya ayi.

M'mene pampu imagwirira ntchito

Oyilo safinyika. Akakankhidwa mbali imodzi ya paipi, amakankha ndi mphamvu chilichonse chimene chili kumapeto kwake. Jeke ya galimoto imagwira ntchito motero, ndipo thirakitala nayo chimodzimodzi.

Pa mathirakitala amenewa pampu sioneka kunja. Ili m'mimba mwa thirakitala, pansi pa mpando wa woyendetsa, yomira mu oyilo. Oyilo ameneyu ndi yemweyo amene amafewetsa magiya ndi ekiselo ya kumbuyo. Pa 35 ndi 135 amalowa malita pafupifupi 30, pa TE20 pafupifupi 23. Choncho litsiro lililonse la m'giyabokosi limadutsanso m'pampu.

Pakati pa pampu pamadutsa shafiti yokhala ndi mabampu awiri opendekera mbali. Shafitiyo ikamazungulira, mabampuwo amakankha mafelemu awiri achitsulo uku ndi uku, ndipo felemu iliyonse ili ndi mapisitoni awiri, ina kumanja ina kumanzere. Onse pamodzi mapisitoni ndi anayi. Pisitoni iliyonse ili ndi mavaluvu awiri aang'ono, ina yolowetsa oyilo ina yotulutsa, monga m'mene ulili mjigo wa pachitsime: ukakoka madzi amalowa, ukakankha amatuluka, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Kuchokera m'pampu, oyilo amakwera m'kapaipi koimirira kukafika pa chivundikiro chachikulu chimene pamakhala mpando. Kunsi kwa chivundikirocho kuli silinda yokhala ndi pisitoni imodzi yaikulu. Oyilo akalowamo amakankha pisitoniyo, iyo nkukankha mkono umene umatembenuza shafiti yopingasa, ndipo mikono iwiri ya kunja imakwera pamodzi ndi pulawo. Pampuyi sipopa oyilo wambiri, safika malita 20 pa mphindi, koma imamukankha mwamphamvu, pa 35 ndi 135 pafupifupi 2500 psi, kapena kuti 170 bar. Pa pisitoni ya masentimita 7.5 m'mimba mwake, mphamvu imeneyi ikufanana ndi kulemera kwa matani 8.

Pali mavaluvu ena awiri ofunika kuwadziwa. Yoyamba ndi valuvu yolamulira, kachitsulo kosalala kamene kamatsetsereka pakhomo polowera oyilo m'pampu. Kakasunthira mbali imodzi, oyilo amalowa ndipo pulawo imakwera. Kakaima pakati, khomo limatsekeka, pampu imangozungulira yopanda chopopa, ndipo pulawo imaima pomwe ili. Kakasunthira mbali inayo, oyilo wa m'silinda amabwerera pansi, pulawo nkutsika. Kachitsulo aka kamamvera mahandulo a kumanja kwa woyendetsa, komanso kamamvera sipuling'i yaikulu imene ili pomangirira mkono wa pamwamba. Pulawo ikafika pa dothi lolimba, mkonowo umapanikiza sipuling'i, ndipo pulawo imadzikweza yokha pang'ono kuti thirakitala isatitimire.

Yachiwiri ndi valuvu yotetezera. Katundu akalemera kupyola muyezo, imatseguka nkutaya oyilo m'mimba momwemo kuti silinda kapena chivundikiro zisasweke.

Zoyamba kuona sipanala isanagwiridwe

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pali zinthu zisanu zofunika kuziona bawuti iliyonse isanamasulidwe.

Choyamba ndi kuchuluka kwa oyilo. Kandodo koyezera kali pa chivundikiro chozungulira cha mbali ya kumanja, ndipo poyeza thirakitala iime pamalo osatsetsereka. Oyilo akachepa, pampu imayamwa mpweya ndipo pulawo imakwera modukiza.

Chachiwiri ndi maonekedwe a oyiloyo. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Akakhala wakuda bii ndi wamatope, sefa ya pa pampu iyenera kuti yatsekeka, pa mathirakitala amene ali nayo.

Chachitatu ndi kilachi. Pa TE20 pampu imayenda pokhapokha handulo ya PTO, shafiti ya kumbuyo yoyendetsera makina ena, ili yolowetsedwa ndipo phazi lachoka pa kilachi. Pa 35 ndi 135 handuloyo ilibe kanthu, koma kilachi ikapondedwa mpaka pansi pampu imaima.

Chachinayi ndi mahandulo awiri a kumanja pa 35 ndi 135. Ina imalamula msinkhu wa mikono, ina imalamula kuzama kwa pulawo m'dothi, ndipo kaikidwe kake pa 35 nkosiyana ndi ka pa 135. Woyendetsa wozolowera mtundu umodzi akakwera unzake angathe kuganiza kuti makina afa pamene handulo yangokhala polakwika.

Chachisanu, mathirakitala ena ali ndi valuvu yopatutsira oyilo ku ngolo yodzikhuthula yokha. Ikaiwalika ili mbali ya ngolo, mikono siingakwere.

Kusuzumira pa zenera

Zonsezi zikakhala bwino, makaniko wanzeru amasuzumira m'kati asanapasule. Amachepetsa oyilo mpaka afike pa bowo la bawuti ya pansi ya chivundikiro chozungulira cha kumanja chija, kenaka nkuchotsa chivundikirocho. Pulawo ikhale yomangirira kuti pakhale cholemera. Injini ikalizidwa, amakweza pulawo nkuunika m'kati ndi tochi.

Apa mpofunika kusamala kwambiri. M'kati muja muli mashafiti ozungulira, choncho dzanja, nsanza kapena mkono wa malaya zisalowemo injini ikulira. Munthu asakhale kunsi kwa pulawo yokwezedwa, ndipo ana atalikire. Pofufuza podontha pa paipi ya kunja asagwiritse ntchito chala, chifukwa oyilo wothamanga chonchi amaboola khungu nkulowa m'thupi, ndipo wovulala motero ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono.

Chimene maso aona chimanena kumene kuli vuto. Oyilo akamagwa kuchokera pamwamba ngati madzi a padenga, maring'i a pisitoni yaikulu atha kapena silinda yakandika. Kudontha kwapang'ono sikudetsa nkhawa, koma kuchucha ndiye vuto. Oyilo akamatsika motsata kapaipi koimirira, mphete za mphira za kapaipiko zang'ambika, ndipo pa 35 ndi 135 kusintha kwake nkosavuta: kachivundikiro kakang'ono ka mabawuti awiri kamene kali pa chivundikiro chachikulu kakachotsedwa, kapaipiko kamazuka. Pamwamba pakakhala pouma koma oyilo wa pansi akuwinduka ngati phala pamoto, ndiye kuti valuvu yotetezera ikutaya, kapena valuvu yolamulira yatha, kapena mphete ya kumunsi kwa kapaipi yaphulika.

Khutu nalo limathandiza. Pulawo ikamakwera modumphadumpha, imodzi mwa mapisitoni anayi aja sikupopa, mwina chifukwa valuvu yake yatsekeredwa ndi litsiro kapena kasipuling'i kake kathyoka. Kugogoda kwamphamvu ponyamula katundu kumasonyeza kuti mafelemu ndi zitsulo zoyenda pa mabampu zadyeka. Mikono ikakakamira m'mwamba osatsika, kapena pansi osakwera nkomwe, kawirikawiri valuvu yolamulira yagwidwa ndi dzimbiri. Thirakitala imene imakweza bwino m'mawa koma nkufooka masana oyilo akatentha, ndiye kuti zitsulo zatha ndithu, popeza oyilo wotentha amapyapyala nkumathawira m'mipata.

Njira yotsimikizira ndiyo kumangirira geji yoyezera mphamvu ya oyilo pa bowo la pa chivundikiro chachikulu. Geji ikafika pa muyezo wake, pampu ilibe mlandu. Eni mathirakitala a dera limodzi angathe kusonkherana nkugula geji imodzi, pakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa pampu.

Kutulutsa ndi kukonza pampu

Zikatsimikizika kuti vuto lili m'pampu, ntchito iyambe ndi kutsuka thirakitala kunja konse. Igwiridwire pamalo opanda fumbi, pa simenti kapena pa lona, osati pabwalo pamene mphepo ya Okutobala ikuulutsa dothi. Pulawo itsitsidwe nkumasulidwa, oyilo yense akhuthulidwe.

Pa TE20 ntchito ndi yachidule: shafiti ya PTO ikasololedwa kumbuyo ndipo timikono ta valuvu yolamulira tikamasulidwa, pampu imatulukira pansi. Pa 35 ndi 135 imatulukira pamwamba. Makaniko amachotsa mpando, amazula kapaipi koimirira, nkumasula cholumikizira cha pakati pa valuvu yolamulira ndi timikono tochokera pamwamba, podzera pa zenera lija. Akaiwala zimenezi nkunyamula chivundikiro mokakamiza, timikonoto timapindika. Chivundikirocho ncholemera kwambiri chifukwa silinda ili komweko, motero pafunika anthu awiri kapena atatu, kapena unyolo wokwezera. Kenaka amachotsa shafiti yaifupi yodutsa pamwamba pa pampu, amasolola shafiti ya PTO, nkumasula zikhomo ziwiri zimene zimagwira pampu, china mbali iyi china mbali inayo. Apo pampu imanyamulika.

Popasula, chitsulo chilichonse chiikidwe mundondomeko yake pa nsalu yoyera, za kumanja pazokha, za kumanzere pazokha. Wokhala ndi foni ajambule chithunzi pa sitepe iliyonse. Zitsulo zitsukidwe ndi dizilo kapena parafini woyera. Zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi izi: mapisitoni ndi mabowo ake ngati akandika, maring'i ngati athyoka, mavaluvu aang'ono ndi pokhalira pake ngati padyeka, mafelemu ngati ali ndi ming'alu, ndiponso mabushi a shafiti ngati akugwedera.

Valuvu yolamulira inasulidwa mwaluso kuti ikwane ndendende m'malo mwake. Kuipala ndi sandipepa nkuipha. Ikakhala ndi dzimbiri lozama kapena mizere, igulidwe ina pamodzi ndi mawashala ake. Valuvu yotetezera nayo ndi yongosintha. Ena amaimangitsa kapena kuikamo kawashala kuti thirakitala inyamule zolemera, koma mapeto ake ndi silinda yosweka, imene mtengo wake umaposa wa valuvu kutalitali.

M'masitolo mumapezeka phukusi la zipangizo zokonzera pampu, lokhala ndi mapisitoni, maring'i, mavaluvu ndi mphete za mphira. Thupi la pampu ndi shafiti zikakhala zabwino, phukusili nlokwanira. Koma mapampuwa ali mitundumitundu ngakhale amafanana kunja. Mwachitsanzo, ena shafiti yake ili ndi mano 10, ena 21. Wopita kukagula atenge chitsulo chakalecho ndi nambala ya thirakitala imene ili pa kachitsulo ka pafupi ndi chiwongolero. Safunsa anadya phula.

Pampu isanabwezeredwe, matope onse a pansi pa mimba ya thirakitala akokolodwe ndi kutsukidwa mpaka chitsulo chioneke. Pampu yatsopano yoikidwa m'matope akale sikhalitsa. Chitsulo chilichonse chipakidwe oyilo woyera pomanga, mphete za mphira ndi magasiketi zikhale zatsopano, ndipo pampu izungulizidwe ndi dzanja kuti zioneke ngati ikuyenda mosakakamira. Manati osinthira timikono ta kunsi kwa chivundikiro asakhudzidwe popanda buku la thirakitalayo, chifukwa akasokonekera pulawo imakwera mopyola kapena kukana kutsika. Poyesa, injini iyambe pang'onopang'ono, mikono ikwezedwe kangapo yopanda katundu kuti mpweya utuluke, kenaka pulawo imangiriridwe.

Chimene chimapha pampu

Adani a pampu ndi atatu: madzi, litsiro ndi oyilo wolakwika. Madzi a mvula amalowera pa mphira zong'ambika za patsinde pa mahandulo a magiya ndiponso pa mphira ya sipuling'i yaikulu ya kumbuyo. Thirakitala yogona panja dzinja lonse imamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo ikakhala osayenda miyezi ingapo dzimbiri limagwira mavaluvu. Mphira zimenezi nzotsika mtengo, ndipo kachisakasa ka udzu nkokwanira kuteteza thirakitala ku mvula.

Litsiro limalowa pothira oyilo ndi chigubu chakuda, kapena kudzera pa paipi ya ngolo imene yakhala ikukhwekhwereka m'dothi. Pakamwa pa paipiyo pafunika kupukuta nthawi zonse isanalumikizidwe.

Kunena za oyilo, woyenera ndi uja wopangidwira mathirakitala, wogwira ntchito m'magiya ndi m'hayidiroliki momwe. Oyilo wolemera wa m'madifu a malole, wolembedwa GL-5, sayenera, chifukwa mankhwala ake amadya zitsulo zamkuwa za m'kati ndipo m'mawa wozizira wa ku Angónia pampu imavutika kumuyamwa. Oyilo wotsala posintha wa mu injini ndiye woipitsitsa, pakuti ndi wodzaza mwaye ndi utuchi wa chitsulo.

Nkwabwino kusintha oyilo kamodzi pachaka, thirakitala itangogwira ntchito kuti atuluke ali wofunda, mikono ili pansi. Zotsekera zonse za pansi zimasulidwe, osati chimodzi chokha. Pa 35 ndi 135 zilipo ziwiri, ndipo zili ndi maginito ogwira utuchi wa chitsulo amene afunika kupukutidwa. Sefa itsukidwe nthawi yomweyo. Oyilo wakaleyo asatayidwe pafupi ndi chitsime, mtsinje kapena dimba.

Woyendetsa naye ali ndi mbali yake. Poimika thirakitala atsitse pulawo pansi. Poyenda mumsewu wa mabampu pulawo ili m'mwamba achepetse liwiro, popeza kudumpha kulikonse kumamenya silinda ndi mavaluvu. Asazule zitsa ndi mikono yokwezera, ndiponso asakoke chinthu ndi unyolo womangirira pa malo a mkono wa pamwamba, chifukwa thirakitala ingathe kugwa chagada monga zinkachitikira kale.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndalama zilipo, ndipo palibe mlimi amene akudikira pakhomo. Mwini thirakitala amangirire pulawo yake, aikweze, azimitse injini nkuona. Ikakhala m'mwamba kwa kanthawi ndithu, zinthu zili bwino. Ikatsika msangamsanga, penapake pakutaya oyilo, ndipo mpata woitanitsa zipangizo ulipo. Alimi nawo ali ndi ufulu wopempha kuti aone pulawo ikukwera ndi kutsika asanapereke ndalama zawo za chikole.